Msana wa Atate Ukamawawa, Tisamangonamizira Khasu

Nthawi yogalauza ikafika, ophunzira athu ena amapempha masiku angapo kuti akathandize kumudzi. Chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi: atate kapena agogo sakutha kugwira khasu, msana ndi m'chiuno mukuwawa. Kawirikawiri umakhala ukalamba ndi ntchito basi. Koma tikafunsitsa, ena amaulula zimene amayi anawanong'oneza, kuti bamboyo amadzuka kasanu usiku kukataya madzi, ndipo akafika kuseri amaima nthawi yaitali, mkodzo ukungodontha. Zinthu ziwirizi zikakumana mwa munthu wopitirira zaka 50, tiyenera kuganiza za prostate.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kakakulu ngati suku, kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Amuna ambiri akamakalamba kachiwaloka kamakula n'kuyamba kufinya njirayo, ndipo nthawi zambiri kukulako si khansa. Nawonso magazi a mumkodzo kwathu kuno angathe kukhala likodzo. Komabe khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna m'Zambia, ndipo ikafalikira imakonda kulowa m'mafupa a msana ndi m'chiuno. Munthu amene atate ake kapena mbale wake anadwalapo matendawa ayenera kukhala tcheru koposa.

Kusiyanitsa matenda amenewa ndi ntchito ya achipatala. Amayeza magazi, muyezo wotchedwa PSA, ndipo dokotala amagwira kachiwaloko ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Apa ndi pamene akuluakulu ambiri amabwerera pakhomo. Sitikuwaseka, pakuti manyazi ake ndi omveka, koma kuyezako sikutha ngakhale mphindi ziwiri. PSA ikakwera sindiye kuti khansa yatsimikizika. Amatsimikiza potenga kachidutswa ka mnofu wa prostate n'kukaunika. Zipatala zikuluzikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete ndizo zolowerako munthu akatumizidwa kuchokera ku kiliniki, ndipo chithandizo cha cheza chimapezeka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata.

Chimene chimadabwitsa mabanja n'chakuti nthawi zina dokotala amanena kuti, tiyeni tidikire. Sikuti wamutaya wodwalayo. Khansa imeneyi mwa okalamba ambiri imayenda pang'onopang'ono, kotero kuti munthu wa zaka 80 angathe kukhala nayo mpaka kudzamwalira ndi matenda ena. Kumuchita opaleshoni yaikulu munthu wotere kungamusiye akulephera kugwira mkodzo popanda kumuwonjezera masiku. Choncho amangomuona nthawi ndi nthawi, n'kumuthandiza pamene vuto labuka. Amene akadali ndi mphamvu, khansa yake isanatuluke m'kachiwaloko, ndiye amene opaleshoni kapena cheza zingamuchiritse.

Nanga ikafika m'mafupa? Apa mlimi amamvetsa msanga kuposa munthu wa mu ofesi. Tonsefe tathenapo ng'ombe, ndipo tikudziwa kuti nkhunzi ikathenedwa ukali umatha, chifukwa homoni yachimuna yotchedwa testosterone imapangidwa m'mavalo. Khansa ya prostate imadya homoni yomweyo. Dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, amene anayamba ndi kufufuza agalu, anasonyeza mu 1941 kuti homoniyo ikachotsedwa khansayo imafota, ndipo mu 1966 analandira mphoto ya Nobel. Masiku ano njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri: jakisoni wa mwezi ndi mwezi kapena wa miyezi itatu iliyonse, apo ayi opaleshoni yaing'ono yochotsa mavalo, imene imachitika kamodzi basi.

Tikudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Palibe mwamuna amene angakonde kumva anzake pa bwalo la nsolo akumutcha mfule, ndipo mawu amenewo asamveke pakamwa pa aliyense amene anaphunzira pano. Koma tinene zoona: kwa bambo wa kutali ndi chipatala, amene mtsinje umamutsekera njira mu Januwale ndi Febuluwale, jakisoni wodumphadumpha sagwira ntchito yake, ndipo opaleshoniyo ingakhale njira yanzeru. Asankhe yekha, atamva zonse, mayi ali pambali pake ngati iye afuna. Njira ziwirizi sizichotseratu khansa; zimaigonetsa, nthawi zina kwa zaka ndithu, ululu n'kuchepa. Zimabweretsanso kutopa, kutentha thupi kwadzidzidzi ndi thukuta, kuchepa kwa chilakolako cha m'banja ndi kufooka kwa mafupa.

Chifukwa cha mafupawo, matumba a feteleza a makilogalamu 50 ndi pulawo zichoke m'manja mwawo. Koma musawakhazike pa mpando tsiku lonse. Kuyenda ndi ntchito yopepuka zimasunga minofu: aziona nkhuku, azisankha mbewu, aziyang'anira dimba. Mukamagulitsa soya kapena mtedza, patulanitu ndalama ya ulendo wa kuchipatala, ndipo tsiku la jakisoni mulilembe pa kalendala yomweyo imene mumalembapo tsiku lothira feteleza. Ululu ukakula pemphani mankhwala amphamvu. Morphine woperekedwa ndi achipatala si chizindikiro chakuti munthu watsala pang'ono kutisiya.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kudikira kuti kuche bwino kapena kuti mbuzi igulidwe. Mkodzo ukatsekeka kotheratu, mimba n'kutupa, achipatala amaika kapaipi ndipo munthu amapeza mpumulo nthawi yomweyo. Ndipo miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka mwadzidzidzi mwa munthu amene msana wakhala ukumuwawa, mwina khansa ikufinya mtsempha waukulu wa mumsana. Pamenepo funani galimoto tsiku lomwelo, ndipo musaiwale kadi ndi mapepala onse a kuchipatala.