Tepi yofiira pamwendo wa ng'ombe ku West Midlands

Chaka chilichonse, kuyambira pa 18 mpaka pa 24 Novembala, mayiko amakumbutsana za tizilombo tomwe tasiya kumva mankhwala. Ku Shropshire ndi Staffordshire, m'chigawo cha West Midlands ku UK, komwe kuli makola ambiri a ng'ombe za mkaka, nkhaniyi imayambira pokamira.

Ng'ombe ikatupa bere, mkaka wake umatuluka ndi timibulu. Mlimi amafinyira maantibayotiki m'beremo, kumanga tepi yofiira kumwendo kapena kumchira, n'kulemba m'buku lomwe lamulo limati lisungidwe zaka 5. Ng'ombeyo imakamidwa payokha mpaka masiku olembedwa pa mankhwalawo atakwana.

Ngozi imakonda kugwa mbandakucha. Kunja kuli chisanu, mwini khola wapumula, akukama ndi waganyu. Tepi ija yakwiririka ndi ndowe, ng'ombe yalowa pamzere ndi zinzake, makina ayamwa, mkaka wapita m'thanki. Woyendetsa galimoto ya mkaka amatunga pang'ono m'kabotolo pakhola lililonse, ndipo kufakitale amayeza asanatsitse. Akapeza mankhwala, mkaka wonse, wa alimi osalakwa omwe, umatayidwa. Timabotolo tija timaulula khola lolakwa, ndipo chipukuta misozi chimamugwera mwini wake. Kukhwimitsaku n'komveka: anthu ena thupi lawo limadana ndi penisilini, komanso mkaka wotere sugwira yogati kapena tchizi.

Mkangano uli pa mkaka wopatulidwa wa ng'ombe yokamidwa payokha ija. Alimi ena amamwetsa ana a ng'ombe, ati kutaya mkaka kwinaku ukugula wa ufa n'kuwononga ndalama. Madokotala a ziweto amatsutsa, poti kafukufuku wapeza kuti ana a ng'ombe omwa mkakawu amatulutsa m'ndowe tizilombo tambiri tosamva mankhwala. Kuutenthetsa sikuchotsa mankhwalawo. Makampani ena ogula mkaka adaletseratu mchitidwewu. Komatu nako kutaya sikuthetsa zonse, chifukwa mkakawo umathiridwa m'dzenje la ndowe, zomwe pambuyo pake zimakamwazidwa m'minda. Mfundo ya madokotala ndiyo ikulemera, ngakhale kuti amene amaluza ndalama ndi mlimi.

Pakati pa 2014 ndi 2022, maantibayotiki ogulitsidwa kaamba ka ziweto ku UK adatsika ndi 59 peresenti, ndipo malamulo a 2024 adaletsa kuwapereka mwachizolowezi. Alimi ambiri tsopano saikanso mankhwala m'mawere a ng'ombe iliyonse yomwe yasiya kukamidwa. Yopanda matenda amangoimata nsonga za mawere basi.