Kulera ana a eni kutsidya kwa nyanja

Juni akafika, Mzuzu amazizira mpaka ana a ku Chibavi ndi Mchengautuwa amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Ku America nthawi yomweyo kumakhala kukutentha, sukulu zatsekera, ndipo makolo ambiri amatumiza ana awo ku makampu a m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyanja, m'madera ngati Maine, New York ndi Pennsylvania. Anawo amakhalako masabata angapo popanda mayi kapena bambo. Owayang'anira ndi achinyamata, ambiri mwa iwo ochokera kumayiko ena. Ntchito imeneyi ndiyo wophunzira wa pa Mzuni ku Luwinga amaiona pafoni, mapazi nkuyamba kumuyabwa.

Maziko ake ndi lamulo lomwe America inakhazikitsa mu 1961 lolimbikitsa kuti anthu a mayiko osiyanasiyana azichezerana ndi kuphunzirana chikhalidwe. Pansi pa lamuloli pali visa ya J-1, ndipo gawo lake lina ndi la alangizi a pakampu. Munthu ayenera kukhala ndi zaka 18 kapena kuposerapo, azilankhula Chingerezi chomveka, ndipo sagwira ntchitoyi kupitirira miyezi inayi. Mabungwe monga Camp America, lomwe linayamba mu 1969, ndiwo amalumikiza wachinyamata ndi kampu nkumutumizira fomu yotchedwa DS-2019. Popanda fomuyi, ku ofesi ya kazembe usavutike nkupitako.

Zithunzi zimaonetsa mabwato ndi moto wamadzulo, koma ntchito yeniyeni ndi ulezi wa usana ndi usiku. Mlangizi amagona m'kanyumba kamatabwa limodzi ndi ana khumi kapena kucheperapo. Belu likalira m'mawa ndiye woyamba kudzuka, kuona kuti aliyense watsuka mkamwa, wavala nsapato, wadya. Masana amaphunzitsa chimene amachidziwa, kaya ndi mpira, kusambira, gitala kapena kuumba. Tsiku lonse amangowerenga mitu: potuluka m'nyumba yodyera, polowa m'madzi, potuluka m'madzi. Madzulo amakumbutsa ana kudzifufuza nkhupakupa, chifukwa za kumeneko zimapatsa matenda a Lyme. Pakati pa usiku kamwana ka zaka zisanu ndi zitatu kamayamba kusisima kufuna kwawo. Kena kamakodza pogona, ndipo mlangizi wabwino amachotsa zofundazo mwakachetechete anzake asanadzuke, kuti kasasanduke choseketsa mpaka kampu itatha.

Wokulira kwathu kuno zina zimamudabwitsa. Ife timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo akalakwa umamudzudzula pomwepo, mwina nkumukoka khutu. Ku America ukangomukhudza mwaukali, ntchito yatha tsiku lomwelo. Makampu ambiri salolanso kuti wamkulu atsale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika. Ana amakuitana ndi dzina lako lenileni, amakufunsa chifukwa chake ukawalamula, ndipo uyenera kuwayankha.

Malipiro eni akewo amawatcha ndalama ya m'thumba, ndipo sanama. Chakudya ndi pogona nzaulere, ndipo kampu ikatha munthu amaloledwa masiku 30 oti ayende aone dziko. Koma asayerekeze ndi mnyamata wa ku Mzimba wopita ku Joni, kapena achinyamata aja anayamba kupita kuminda ya ku Israel mu Novembala 2023, amene cholinga chawo nkutumiza ndalama kumudzi. Wa kukampu akachotsa zimene anawononga popita, chotsala sichikwana malata a nyumba. Amabwera ndi Chingerezi chopepuka pakamwa, kalata yomuchitira umboni ndi luso losunga ana khumi osataya ndi mmodzi yemwe, zomwe zingamuthandize kumalo ogona alendo ku Nkhata Bay kapena kumabungwe.

Kuchokera ku Mzuzu, njira yake ndi yokwera. Pamafunika pasipoti, kalata ya apolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, ndalama ya bungwe, madola 185 a visa ndi ena 35 olembetsera. Madolawo ndi osowa, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kenako ukwere basi makilomita oposa 300 kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu kukafika ku Lilongwe, kukaima pawindo mphindi zochepa zokha kuti utsimikizire mkulu wa visa kuti udzabwerera. Wachinyamata wopanda ntchito, munda kapena banja, umboni woterowo autenga kuti? Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ofuna visa yokacheza, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linaika Malawi pagulu la mayiko omwe nzika zake zaimitsidwa kulandira mavisa angapo, ya J ili momwemo. Choncho amene akukulonjeza malo pakampu kudzera pa WhatsApp, nkumati utumize kaye ndalama pafoni, akufuna kukudyera masuku pamutu.

Chonsecho ntchitoyi si yachilendo kwa achinyamata a mumzinda uno. Atsogoleri a ma Pathfinder a mpingo wa Seventh-day Adventist, a masikauti ndi a SCOM akhala akugona m'makalasi ndi ana a eni, kuwaphikira nyemba ndi kuwatonthoza usiku, popanda wowalipira. A Peace Corps, omwe anafika m'Malawi mu 1963, akhala akuchititsa Camp GLOW ya atsikana ndi Camp Sky ya okonzekera mayeso a MSCE, mothandizana ndi Amalawi. A chipatala cha Baylor nawo anayambitsa Camp Hope ya achinyamata omwe ali ndi HIV, mogwirizana ndi bungwe la SeriousFun lochokera ku kampu yomwe katswiri wa mafilimu Paul Newman anatsegula ku Connecticut mu 1988. Ku Camp Hope mlangizi amaimbitsa nyimbo ndi kuseweretsa mpira ngati mnzake wa ku Maine, koma nthawi ya mankhwala ikakwana amaonetsetsanso kuti mwana aliyense wamwa ma ARV ake.