Ntchito ya Sikani Pozindikira Zotupa za mu Apendikisi

Anthu ambiri akamva mawu akuti sikani amaganiza za amayi oyembekezera amene amakaonetsa mmene mwana wakhalira m'mimba. Koma makina omwewo, amene madokotala amawatchula kuti ultrasound, ali ndi ntchito zinanso. M'chimangirizo chino ndifotokoza mmene amathandizira kuzindikira zotupa zosapezekapezeka zimene zimamera mu apendikisi. Mfundo yanga ndi yakuti sikani singatchule mtundu wa chotupa, koma imachenjeza dokotala asanagwire mpeni, ndipo chenjezo limeneli lingapulumutse wodwala ku matenda ovuta kuchiza.

Apendikisi ndi kathumbo kooneka ngati chala, kotseka kumapeto, kamene kamalendewera poyambira pa matumbo aakulu, m'munsi mwa mimba chakumanja. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 9, ndipo kakakhala kabwinobwino kunenepa kwake sikupitirira kwenikweni mamilimita 6.

Pano ndiyenera kusiyanitsa mawu awiri amene m'Chichewa amachokera ku tsinde limodzi: kutupa ndi chotupa. Kutupa kwa apendikisi ndi nthenda yodziwika, imene Reginald Fitz wa ku Harvard anaipatsa dzina loti appendicitis mu 1886. Kathumboka kamatsekeka, tizilombo timachulukana m'kati, kenako kamatupa ndi kuchita mafinya. Chotupa ndi chinthu china. Ndi mnofu umene umamera chifukwa chakuti maselo akuchulukana mopanda malire, ndipo ukhoza kukhala khansa kapena ayi. Pa maapendikisi 100 aliwonse ochotsedwa pa opaleshoni, pafupifupi imodzi yokha ndi imene imapezeka ndi chotupa. Vuto ndi lakuti chotupa chikatseka kathumboka, wodwala amamva ululu wofanana ndi wa kutupa wamba.

Mwa zotupa zimenezi, magulu atatu ndi amene amatchulidwa kwambiri. Loyamba ndi la neuroendocrine, limene Siegfried Oberndorfer wa ku Germany analipatsa dzina loti carcinoid mu 1907. Zotupa za gululi zimakhala zazing'ono, zimakonda kumera kunsonga ndipo zimakula pang'onopang'ono. Lachiwiri ndi la zotupa zimene zimatulutsa madzi onanda ngati therere. Madziwo amadzadza kathumboka mpaka kufufuma ngati chibaluni, ndipo kufufuma kotereku kumatchedwa mucocele. Lachitatu ndi adenocarcinoma, khansa yofanana ndi ya m'matumbo aakulu.

Nanga sikani imaona bwanji m'kati mwa thupi? Munthu akafuula pafupi ndi phiri, mawu ake amagunda thanthwe n'kubwerera. Sikani imatsatira njira yomweyi. Kachipangizo kamene amayendetsa pamimba kamatumiza mafunde a mawu okwera kwambiri, ogunda kangapo mamiliyoni pa sekondi, pamene khutu la munthu limalekezera pa 20,000. Mafundewo akagunda ziwalo amabwerera, ndipo kompyuta imawasandutsa chithunzi. Madzi amaoneka akuda, fupa ndi timiyala zimaoneka zoyera, koma mpweya umatchinga mafunde. Ian Donald wa ku Glasgow ndi anzake anasonyeza mu 1958 kuti njira imeneyi ingathe kuunika zotupa za m'mimba.

Kwa zaka zambiri apendikisi inali yovuta kuiona chifukwa cha mpweya wa m'matumbo. Mu 1986, Julien Puylaert wa ku Netherlands anafotokoza njira yothetsera vutoli. Wounika amadinikiza kachipangizo pang'onopang'ono pamalo owawa mpaka matumbo a mpweya atasunthira kumbali. Apendikisi yabwino imaphwatalala ikadinikizidwa, pamene yodwala imakhalabe yolimba ndi yonenepa.

Gulu limene sikani imathandiza kwambiri ndi lachiwiri lija. Apendikisi ikanenepa kuposa mamilimita 15, makamaka ngati mnofu woizungulira sukuonetsa kutupa kwenikweni, wounika amayamba kukayikira mucocele. Nthawi zina khoma lake limaoneka ndi timadontho toyera ta kashiamu. Chizindikiro china ndi mizere yozungulirana m'kati mwake, yooneka ngati anyezi wodulidwa pakati, chifukwa madzi onandawo amaunjikana m'magawomagawo. Benjamin Caspi ndi anzake analemba za chizindikiro chimenechi mu 2004.

Kufunika kodziwiratu zimenezi kumaonekera pa tsiku la opaleshoni. Madzi onanda aja akhoza kukhala ndi maselo a chotupa. Kathumboka kakaphulika, maselowo amamwazikira m'mimba, amamera pa ziwalo zina ndipo amapitiriza kutulutsa madzi mpaka mimba kudzadza ndi matumbo kupanikizika. Nthendayi imatchedwa pseudomyxoma peritonei. Kuichiza kumafuna opaleshoni ya maola ambiri, kenako kutsuka m'mimba ndi mankhwala a khansa otenthetsedwa, chithandizo chimene chimapezeka m'zipatala zochepa padziko lapansi. Choncho dokotala wochenjezedwa sabaya chotupacho ndi singano kuti atengeko madzi okayeza, ndipo pochotsa amachigwira ngati dzira kuti chituluke chathunthu. Kwa amayi chenjezoli ndi lofunika koposa, popeza apendikisi ili pafupi ndi chiwalo chosunga mazira chakumanja, ndipo mucocele ingatengedwe ngati chotupa cha chiwalo chimenecho.

Komabe sikani ili ndi malire. Zotupa zambiri za neuroendocrine sizifika ngakhale sentimita imodzi, kotero sizioneka. Apendikisi yobisala kuseri kwa matumbo aakulu, kapena ya munthu wonenepa kwambiri, imavutanso kuipeza. Zotsatira zimadaliranso luso la wounika. Ndi chifukwa chake madokotala akakayikira amapempha chithunzi cha CT, chimene chimaonetsa mimba yonse. Ngakhale zili choncho, chigamulo chomaliza chimachokera ku labotale, kumene katswiri amayang'ana mnofu wochotsedwawo pa maikulosikopu. Iye ndi amene amanena mtundu ndi kukula kwa chotupa. Mwachitsanzo, chotupa cha neuroendocrine chosafika sentimita imodzi kawirikawiri chimathera pa kuchotsa apendikisi, koma choposa masentimita 2 chingafune kuti mbali yakumanja ya matumbo aakulu ichotsedwenso.

Pali chifukwa china chimene kuunika kukufunikira kwambiri masiku ano. Kafukufuku wa APPAC wa ku Finland, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anasonyeza kuti odwala ambiri a apendikisi yotupa, yosaphulika, angachire ndi mankhwala opha tizilombo popanda opaleshoni. Imeneyi ndi nkhani yabwino, koma apendikisi yotsala m'thupi sifika ku labotale. Ngati munali chotupa, chimatsala momwemo. Choncho asanasankhe njira ya mankhwala, dokotala amafunika chithunzi chomveka bwino, makamaka kwa wodwala woposa zaka 40, popeza zotupazi zimapezeka kwambiri pa msinkhu umenewu kusiyana ndi kwa achinyamata.

Kuno kwathu, makina a CT amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, pamene sikani yafika m'zipatala zambiri za m'maboma. Ndi yotsika mtengo, ndi yonyamulika, ndipo ilibe cheza choopsa ngati cha X-ray. Kwa odwala ambiri, ndi diso lokhalo limene lingasuzumire m'mimba opaleshoni isanayambe.

Pomaliza, ndikuona kuti pali zinthu ziwiri zofunika kuzitsatira. Wounika akaona apendikisi yonenepa modabwitsa, alembe momveka bwino kuti dokotala wa opaleshoni adziwe. Wodwala amene wachotsedwa apendikisi, kapena womudikirira, afunse ngati mnofuwo watumizidwa ku labotale, ndipo abwerere kukamva zotsatira ngakhale bala litapola.