Wendy house

Wendy house ndi dzina la Chingerezi la kanyumba kakang'ono kamene ana amaseweramo. Dzinali ndi lophatikiza mawu awiri: Wendy, lomwe ndi dzina la mtsikana, ndi house, kutanthauza nyumba. Limagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Britain ndi ku South Africa.

Chiyambi cha dzinali

Dzinali linachokera mu sewero la Peter Pan lomwe analemba J. M. Barrie wa ku Scotland. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku London pa 27 Disembala 1904, ndipo mu 1911 Barrie analisandutsa buku lotchedwa Peter and Wendy. M'nkhaniyi, mtsikana wotchedwa Wendy Darling alasidwa ndi muvi atangofika pachilumba cha Neverland. Poopa kumunyamula, Peter ndi anzake amumangira kanyumba pomwe wagwerapo, iye ali m'kati. Kuchokera apo, anthu anayamba kutchula tinyumba toseweramo ana ndi dzina la mtsikanayu.

Dzina loti Wendy silinali lofala seweroli lisanatchuke. Anthu ambiri amati Barrie analitenga kwa Margaret, mwana wa mlakatuli W. E. Henley, yemwe pofuna kunena kuti Barrie ndi bwenzi lake ankalephera kutchula "r" bwino. Mwanayu anamwalira mu 1894 ali ndi zaka 5.

Ku South Africa

Ku South Africa tanthauzo linakula. Wendy house ndi kanyumba ka matabwa kofolera ndi malata komwe amaimika kuseri kwa nyumba yaikulu. Ena amasungiramo katundu, koma anthu ambiri opeza zochepa, kuphatikizapo Amalawi ogwira ntchito ku Cape Town ndi Johannesburg, amachita lendi n'kumakhalamo. Tinyumbati timazizira m'nyengo yachisanu ndipo sitichedwa kupsa moto ukabuka.

Kufanana ndi masanje

Pa Chichewa mawu oyandikana nawo ndi masanje. M'midzi ngati ya ku Mvera m'boma la Dowa, anthu akatha kukolola, ana amamanga tinyumba ta mapesi ndi udzu kunja kwa mudzi. Atsikana amaphika nsima m'timiphika, anyamata amakhala "abambo" n'kumakasaka mbewa. Kusiyana kwake n'kwakuti Wendy house ndi dzina la kanyumba kokha, pamene masanje amatanthauza sewero lonse, momwe ana amayeserera ntchito za pabanja.