Kalata ya Aepiskopi ya 1992 ndi Chikhristu cha Pakati pa Sabata

Pa 8 Malichi 1992, tsiku limene linali Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, Akhristu a mpingo wa Katolika amene anasonkhana m'matchalitchi awo kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa, pa nthawi imene anazolowera kumva ulaliki, anamva kalata ya ubusa yochokera kwa aepiskopi awo. Ndipo akuluakulu amene analipo tsikulo amasimba kuti m'malo ena anthu anaomba m'manja, amayi naimba nthungululu, pamene m'malo ena munagwa bata lalikulu, aliyense atazolika, poopa kuti mnzake wokhala naye pa benchi limodzi angakhale kazitape. Kalatayo, imene imadziwika ndi dzina lakuti Living Our Faith, sinanyoze Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, sinapemphe kuti boma ligwe, ndiponso sinaitanitse zipani zambiri. Komabe asanathe masiku atatu, amene anaisainira anali atakhala kale pamaso pa apolisi mu mzinda wa Blantyre, akufunsidwa mafunso kwa maola ambiri ngati anthu oukira dziko.

Kuti wachinyamata wa lero amvetse chimene chinaopsa m'kalatayo, ayenera kudziwa momwe makolo ake ankakhalira masiku amenewo. Dziko linali ndi chipani chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party, ndi mtsogoleri mmodzi amene anavekedwa upulezidenti wamuyaya mu 1971. Ndipo mwana aliyense wa sukulu ankaloweza pamtima ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pa chipata cha msika pankaima anyamata a Yufi ovala malaya ofiira, mtolo wa makhadi a chipani uli m'manja, ndipo mayi wosenza dengu la tomato, amene wayenda mtunda wautali kuchokera kudimba dzuwa lisanatuluke, ankayamba watula katundu wake pansi, namasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje pamene anamangapo khadi lake. Likapezeka kuti ndi la chaka chatha, ankagula lina ndi ndalama imene anasungira mchere ndi sopo, kapena kubwerera kwawo ndi tomato wakeyo. Chomwechonso zinali pokwerera basi, ndipo nthawi zina ngakhale pa khomo la chipatala. Amene pakamwa pake panaterereka ankatha kutengedwa usiku, nakakhala zaka ku ndende ya Mikuyu osaonekera ku bwalo la milandu, monga anachitira mlakatuli Jack Mapanje kuyambira mu 1987 kufikira mu 1991. Wandale Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anali m'ndende ya Zomba. Ndipo za nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani m'boma la Mwanza mu Meyi 1983, anthu ankangonong'onezana, popeza boma linali litalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Pamwamba pa zonsezi, chaka cha 1992 chinali cha chilala choopsa, chimanga chitapserera m'minda chisanabereke.

Tsono chimene chimandigwira mtima ine ndikamaganizira za kalata imeneyi ndi chakuti nkhani zake zinali za pansi pano, zimene munthu wamba amakumana nazo kuyambira Lolemba kufikira Loweruka. Aepiskopi, atayamika boma pa zabwino zimene linachita, analankhula za mpata umene unkakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka. Za malipiro a antchito osakwanira kudyetsa banja. Za mlimi wamng'ono amene amagulitsa zokolola zake pa mtengo wosalingana ndi thukuta lake. Za ziphuphu ndi kukondera abale polemba ntchito. Za ana othithikana m'kalasi imodzi, mabuku ndi aphunzitsi ali operewera. Za odwala ochuluka m'zipatala zopanda madokotala okwanira, ndi za mliri wa Edzi umene unali utayamba kale kusiya ana amasiye m'midzi. Kenaka anafika pa zimene palibe amene ankayerekeza kuzitchula poyera: kuti anthu ankakhala mwamantha, kuti munthu sayenera kutsekeredwa popanda kuuzidwa mlandu wake, kuti mabwalo a milandu ayenera kuima paokha, ndi kuti nkulakwa kukaniza munthu kulowa mumsika kapena m'chipatala chifukwa alibe khadi la chipani. Panalibe chachilendo m'mawu amenewa, pakuti aliyense wokhala m'tchalitchimo anali kuzidziwa zonsezi kuposa aepiskopi eni ake. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, pa guwa, pakati pa kuwerenga kwa Uthenga Wabwino ndi kupereka nsembe, ngati kuti malipiro a mlonda ndi mtengo wa mtedza nazo ndi nkhani za m'nyumba ya Mulungu. Ndipo ndithu ndi nkhani za m'nyumbamo, monga ankaphunzitsira Amosi ndi Mika, aneneri amene anadzudzula anthu opembedza kwambiri koma onyenga pa miyeso ndi masikelo.

Mbiri imasunga mayina a abusa amene anasainira: Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, Aepiskopi Felix Mkhori wa ku Chikwawa, Matthias Chimole wa ku Lilongwe, Allan Chamgwera wa ku Zomba, Gervase Chisendera wa ku Dedza, Alessandro Assolari wa ku Mangochi, ndi Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Ulemu umenewo ndi wowayenera. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata siyenda yokha. Makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, anasindikizidwa ku Balaka pa makina a Abambo a Montfort, kumene antchito wamba anaona mawuwo ndi maso awo masiku angapo dziko lisanawamve, napita kwawo madzulo, nadya nsima ndi mabanja awo osaulula kanthu. Panali ena amene ananyamula mitokoma ya makalatawo pa galimoto ndi pa njinga kudutsa pa malodibuloko. Ndipo popeza parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ambiri a m'midzi amene wansembe sangathe kuwafikira onse Lamulungu limodzi, m'malo ochuluka amene anaimirira kutsogolo kuwerenga anali katekisi kapena mkulu wa mpingo, munthu wa m'mudzi momwemo, wokhala ndi mkazi ndi ana ndi munda, amene wapampando wa nthambi ya chipani ankamudziwa nyumba yake ndi khola lake la mbuzi. Episkopi akamangidwa, Roma ndi wailesi ya BBC zimamva tsiku lomwelo. Katekisi wa kumudzi akatengedwa usiku, amamva ndi mkazi wake yekha. Munthu wotere, atafika pa ndime yonena za makhadi, akuona amene amagulitsa makhadiwo atakhala pa benchi lachitatu, anali ndi mwayi wodumpha ndimeyo kapena kuchepetsa mawu kuti asamveke kumbuyo. Ndipo kulikonse kumene sanaidumphe, chikhulupiriro chinagwira ntchito yake pa mtengo waukulu kuposa umene ife okumbukira tikuudziwa.

Mkwiyo wa olamula sunachedwe. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Akuluakulu a chipani anakumana ku Lilongwe, ndipo mawu a ena mwa iwo ofuna kuti aepiskopi aphedwe anajambulidwa pa tepi imene pambuyo pake inamveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa. Ndipo Monsinyo Roche anathamangitsidwa m'dziko pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo. Koma chimene analetsa ndicho chinafala, pakuti anthu amene sanalowepo m'tchalitchi cha Katolika chibadwire anayamba kufunafuna kalatayo, naipanga fotokope mobisa m'maofesi a boma omwewo, ndipo ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anatuluka mumsewu kuchirikiza aepiskopi mpaka koleji inatsekedwa.

Pano ndiyenera kunena mawu amene sakoma pa tsiku la chikumbutso, ndiwo akuti kalatayi inabwera mochedwa. Kuyambira mu 1967, pamene boma linaletsa Mboni za Yehova, anthu a mpingo umenewo anamenyedwa, anatentheredwa nyumba, anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, mlandu wawo waukulu uli wokana kugula khadi lomwe lija. Ndipo zaka zonsezo mipingo ikuluikulu, ya Katolika ndi ya Chipresibeteriya yomwe, inapitiriza kupempherera boma pa zikondwerero za dziko, osakweza mawu. Mwina ena anaganiza kuti ndi zowaonekera okha anthu a chiphunzitso chachilendo, naiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindikunena izi kuti ndichepetse kulimba mtima kwa aepiskopi, koma kuti Mkhristu wokumbukira chaka cha 1992 asadzitame ndi mpingo wake, popeza amene anayamba kulipira mtengo wa khadilo ndi magazi anali anthu amene mipingo yathu inkawayesa osokera. Kamvekedwe ka kalatayo nako kanali ka anthu odziwa kuti alibe chodzitamira: munalibe mwano, munalibe kulalatira, ndipo olembawo anadziwerengera pamodzi ndi mtundu wonse monga anthu ofunika kutembenuka mtima m'nyengo ya Lenti.

Zotsatira zake zikudziwika, ndipo ndingozidutsa msanga. Chakufwa Chihana, womenyera zipani zambiri, anamangidwa potsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo. M'mwezi wa Meyi antchito a ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, zipolowe zinabuka, anthu naphedwa ndi mfuti za apolisi, ndipo maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo lina. M'mwezi wa Juni atsogoleri a CCAP a masinodi a Blantyre ndi Livingstonia, pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches, anapereka kalata yawo kwa Kamuzu, pamene sinodi ya Nkhoma inaima patali. Kenaka kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, m'mene Akhristu, Asilamu, maloya ndi amalonda anakhala pa mphasa imodzi. Orton Chirwa anamwalira m'ndende mu Okutobala 1992, osaona tsiku la 14 Juni 1993 pamene Amalawi oposa 63 mwa 100 alionse amene anavota anasankha zipani zambiri, ngakhale la 17 Meyi 1994 pamene Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Aepiskopi aja sanadziwe chimodzi mwa zimenezi pamene ankasainira. Chimene ankachidziwa ndi zimene zinachitika ku Thambani. Chiyembekezo chawo chinali cha mtundu umene mlimi amakhala nawo pobzala ndi mvula yoyamba chaka chotsatana ndi chilala, mbewu yake yotsiriza ali nayo m'manja, mitambo isanamulonjeze kanthu.

Tsono munthu akawerenga kalatayo lero, amapeza kuti theka lake linakwaniritsidwa ndipo theka lina likali chilili. Khadi la chipani linatha, Mikuyu sikusunganso andale, ndipo mabwalo a milandu anaonetsa kuima paokha pa 3 Febuluwale 2020 pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Koma ndime za malipiro, za ziphuphu, za makalasi odzaza ndi zipatala zosowa mankhwala zikhoza kuwerengedwa Lamulungu likudzali osasinthamo liwu. Ndipo chuma cha boma chimene chinabedwa pa nkhani ya Cashgate mu 2013 chinadutsa m'manja mwa anthu a m'dziko limene ambiri mwa nzika zake amadzitcha Akhristu, ndipo nkovuta kukhulupirira kuti pakati pawo panalibe oimba kwaya kapena opereka chakhumi. Kusiyana kwake nkwakuti mu 1992 wolakwa ankaoneka kuti ali ku nyumba ya pulezidenti ya Sanjika, kutali ndi ife, pamene ndime zotsalazi zimaloza anthu amene timagawana nawo buku la nyimbo.

Taonani venda wogula soya pa msika wa kumudzi m'mwezi wa Epulo, amene wapachika sikelo yake pa nthambi ya mtengo, atayamba waikonza kuti thumba lililonse lizichepa ndi makilogalamu angapo, pamene nkhalamba yosadziwa kuwerenga manambala ikuyang'ana muvi wa sikeloyo ngati ikumvetsa, nilandira ndalama ndi manja awiri, nithokoza. Vendayo ndi msungichuma wa mphakati wake, ndipo Lamulungu ndiye amawerenga ndalama za m'mbale. Taonani mayi wa chigwirizano kapena wa mvano, wovala yunifolomu yoyera bwino, amene mtsikana wake wantchito, mwana wa msinkhu wa sitandade 7 wotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, ndiye anachapa ndi kusita yunifolomuyo, koma malipiro ake a miyezi iwiri akali kusungiridwa. Palinso wobwereketsa ndalama za katapira kwa mphunzitsi mnzake, kalaliki wobisa fayilo mpaka mwini wake atapereka ya fanta, ndi mfumu yolemba abale ake okhaokha pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo. Aepiskopi akupitiriza kulemba makalata a ubusa nthawi ndi nthawi, ndipo masiku ano palibe amene amamangidwa chifukwa chowerenga. Timaombera m'manja ndime zodzudzula boma, manyuzipepala nazilemba pa tsamba loyamba, koma ndime zonena za ife eni timazimva ngati zolengeza za msonkhano wa komiti. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, komatu khutu limene timakonda kuti litsinidwe ndi la boma ku Capital Hill.