Chithunzi cha pa Galasi la Kompyuta

Mphunzitsi akalemba masamu pa bolodi, ana afulumira kuwakopera m'makope mwao, pakuti adziwa kuti posachedwa iye adzafafaniza ndi kulembapo zina. Mwana wozengereza atsala ndi tsamba loyera. Galasi la kompyuta, limene ambiri alitcha sikirini, lifanana ndi bolodiyo: zimene zioneka pamenepo tsopano zichoka munthu akangotsegula tsamba lina. Koma kompyuta idziwa kudzikopera yokha, zonse pamodzi, m'kuphethira kwa diso. Chokoperacho dzina lache ndi screenshot, ndicho chithunzi cha zimene zinali pa galasi nthawi yomweyo.

Kompyuta siifuna kamera pa ntchito imeneyi. Galasi lache lili ndi timadontho towala, tondandalikana m'mizere monga mapando a chimanga m'munda. Pa makompyuta ambiri mzere umodzi uli ndi timadontho 1,920, ndipo mizereyo ilipo 1,080; tonse pamodzi tipitirira 2,000,000. Pojambula, kompyuta ingolemba mtundu wa kadontho kali konse ndi malo ache, nisunga.

Pakati pa mabatani olembera, cha kumtunda ku dzanja lamanja, pali batani lina lolembedwa Print Screen, kapena mwachidule PrtSc. Dzinalo nlakale. Pamene kampani ya IBM ya ku America inatulutsa kompyuta yache m'chaka cha 1981, batanilo linkatumiza mau a pa galasi ku makina osindikizira pa pepala. Ntchitoyo inasintha, koma dzina linatsala. Lero, pa kompyuta ya Windows, munthu akadina batani la Windows pamodzi ndi PrtSc, galasi lichita mdima kamphindi, ndipo chithunzi chasungidwa kale m'malo otchedwa Screenshots, m'kati mwa Pictures. Akafuna gawo lokha, adina mabatani atatu, Windows, Shift ndi S, nakoka kamuvi ka pa galasi kuzungulira gawolo, monga mlimi alemba malire a dimba. Pamenepo atsegula kalata kapena uthenga, nadina Ctrl ndi V, ndipo chithunzi chilowamo. Pa mafoni ambiri a m'manja adina batani loyatsira pamodzi ndi lochepetsera mau.

Phindu lache lioneka bwino pa nyengo ya mayeso. Chaka ndi chaka ana a Sitandade 8 alemba mayeso a bungwe la MANEB, limene likulu lache lili ku Zomba, ndipo zotsatira zikatuluka, maina a osankhidwa kupita ku sekondale apezeka pa intaneti. Mndandandawo ngwautali ndithu, wa masamba ambiri. Tsono pakhale mtsikana wa ku Lirangwe amene amalume ache agwira ntchito ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege, kumene ali ndi kompyuta. Amalumewo afunafuna kufikira atapeza dzina la mwana wa mlongo wao, najambula, natumiza pa WhatsApp ku foni ya mlongoyo. Madzi a nsima asanawire, mbiri yafika ku Lirangwe, ndipo palibe amene walipira basi.

Koma apa pafunika nzeru pa kudula. Amalume akadula mzere wa dzina wokha, chithunzicho chichepa mphamvu, pakuti maina ofanana ngochuluka m'boma la Blantyre. Ayenera kutenga pamodzi mutu wa tsamba, pamene palembedwa sukulu imene mwana achokera ndi imene apita. Akajambulanso galasi lonse osayang'ana, alakwa koposa. Kompyuta ilibe manyazi: ijambula zonse zimene zili poyera, ngakhale kalata ya kuntchito, ngakhale nambala ya ku banki, ngakhale uthenga wa mnzao umene unali wa iwo okha. Ndipo chithunzi chikachoka sichibwera. Mlongo achitumiza kwa azakhali, azakhali kwa anzao, ndipo pofika madzulo chili m'mafoni a anthu amene amalume sanawaonepo. Chifukwa chache munthu wochenjera ayamba watseka masamba ena onse, ndipo atajambula achiwerenga chithunzicho kuyambira pamwamba kufikira pansi asanachitumize.

Chinthu china nchakuti chithunzi chingathe kunama. Popeza ndi timadontho chabe, munthu wa chinyengo akhoza kufafaniza ena ndi kuikapo ena, kotero kuti 5,000 asanduka 50,000, ndipo diso silizindikira msoko. Wogulitsa mbuzi pa msika wa Lirangwe akaonetsedwa chithunzi chonena kuti ndalama zatumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, asamasule chingwe msanga. Ayang'ane pa foni yache ya iye mwini, aone ngati ndalama zache zachulukadi, pakuti chithunzi cha ndalama sichigula ngakhale mchere.

Momwemonso amai a mtsikana uja. Alulute ndithu usiku umenewo, pakuti mlongo wao sanawanamize. Koma m'mawa, asanagulitse nkhuku zao kuti agule sutikesi ndi bulangete, apite ndi mwanayo kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yache, akaone dzinalo pa mndandanda umene iye walandira.