Kodi Kamuvi ka Geji Kamadziwa Bwanji Kuti Mafuta Atha?

Ana inu, munakwerapo boti la injini? Asodzi ambiri a panyanja ya Malawi akafuna kudziwa mafuta amene atsala, amangonyamula kathanki kawo n'kukakhutchumula, khutu lili tcheru. Koma pali maboti ena, monga onyamula alendo, amene thanki yake inabisika pansi popondapo. Simungainyamule, simungasuzumiremo. Woyendetsa amangodalira kachinthu konga wotchi kotchedwa geji. Kamuvi kake kakaloza pa F ndiye kuti thanki yadzaza, kakagwera pa E mafuta atha. Nanga kamuviko kamadziwa bwanji zochitika m'thanki yomwe ili kutali nako, mumdima?

Yankho ndinalipeza ku Monkey Bay, padoko pamene imapumira sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Chapatali pang'ono ndi dokolo, bambo ena okonza maboti anali atagwada m'boti loyera, mwana wawo wamkazi wa Sitandade 7 atawagwirira chipepala kuti chisauluke ndi mphepo ya mwera. Mwini botilo anali atathira petulo wodzaza thanki m'mawa womwewo, koma kamuvi kanangoti phee pa E.

"Ababa, gejiyi yafa, tingogula ina," anatero mtsikanayo.

"Usafulumire, mwanangu. Tiyambe tafunsa pepalali."

Tisanafike papepalapo, tiyeni tilowe kaye m'thanki. M'menemo muli kachinthu koyandama, kofanana ndi tija asodzi amamangirira ku ukonde kuti usamire. Mafuta akachuluka kamakwera, akachepa kamatsika. Kakamayenda choncho kamasuntha kachitsulo kamene kamapanikiza kapena kumasula njira ya magetsi. Chipangizo chonsechi amakaniko amachitcha senda. Taganizani za ngalande yakudimba: mukaitseka pang'ono ndi dothi madzi amangodontha, mukachotsa dothilo amathamanga. Senda ndiye dothi limenelo, ndipo geji ntchito yake n'kuona kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Mafutawo siiwaona n'komwe!

Kupanikizika kwa njira ya magetsi kumayezedwa mu ma ohm, dzina lochokera kwa Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene anafotokoza lamulo lake m'chaka cha 1827. Masenda opangidwa motsata muyezo wa ku America amapereka ma ohm 240 m'thanki mukakhala mopanda kanthu, ndipo 33 ikadzaza. Ambiri a ku Ulaya amachita zosemphana: 10 mafuta akatha, 180 ikadzaza. Ndiye munthu akalumikiza senda ya ku America ku geji ya ku Ulaya, kamuvi kamayenda chobwerera. Ukuthira mafuta iko kakutsika, ukuwatha iko kakukwera. Zimenezi pakati pa nyanja n'zoopsa ndithu.

Tsopano pepala lija. Ndi mapu a mawaya, ndipo amabwera m'buku la boti kapena la injini. Nditawayang'ana koyamba ndinangoona mizere yopingasana ngati ukonde wa kangaude. Koma mtsikana uja anandionetsa ndi chala chake kuti chizindikiro chilichonse chili ndi tanthauzo. Timizere tiwiri toyandikana, kena kakatali kena kakafupi, ndi batire, ndipo kakataliko ndiye mbali ya +. Mzere wodukiza wooneka ngati chitseko chotsegula pang'ono ndi suwichi. Mzere wokhotakhota ngati mano a sowo ndi chopanikiza magetsi, ngakhale kuti mapu ena amachijambula ngati kabokosi. Timizere titatu tosanjikizana, tomka tichepa kunsi kwake, ndi ethi, njira yobwerera ku mbali ya – ya batire.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kadontho. Mizere iwiri ikadutsana popanda kadontho, ndiye kuti mawayawo angopitana ngati anthu osadziwana pamsika. Koma pakakhala kadontho kakuda, apatsana moni, alumikizana. Kadontho kochepa ngati njere ya mapira kangasocheretse makaniko tsiku lathunthu akapanda kukaona.

Dziwaninso kuti mapuwa sanena kutalika kwa waya kapena pamene wabisala m'boti. Waya wa mamita 5 akhoza kujambulidwa waufupi ngati chala. Iwo amangokuuzani kuti uyu wachokera apa, wakathera apo.

Bambo aja anaika chala cha mwana wawo pa + ya batire. "Yenda nawo magetsiwa ngati ukupita kumsika," anatero. Chalacho chinadutsa pa fyuzi, kawaya kowonda kamene kamadzipereka kupsa magetsi akachuluka kuti boti lonse lisayake. Chinafika pa kiyi, kenako kumbuyo kwa geji pa chilembo I. Chinatulukira pa S, ulendo wa ku senda, n'kuima.

"Tafika, ababa."

"Wafika kumsika, koma sunabwerere kunyumba. Magetsi akaona kuti njira yobwerera palibe, sanyamuka n'komwe."

Apa ndi pamene boti limasiyana ndi galimoto. Thupi la galimoto ndi lachitsulo, choncho magetsi amabwerera ku batire kudzera m'thupi lomwelo. Boti lamatabwa kapena la fayiba silidutsa magetsi, ndiye chipangizo chilichonse chimafuna waya wakewake wobwerera. Kumbuyo kwa geji waya ameneyu amamangidwa pa chilembo G, ndipo senda nayonso ili ndi wake.

Mitundu ya mawaya imathandizanso. Bungwe la ku America la American Boat and Yacht Council linakonza zoti mtundu uliwonse ukhale ndi ntchito yake. Wofiira ndi wochokera ku + ya batire, wapepo amabweretsa magetsi kuchokera pa kiyi, wapinki ndi wa senda ya mafuta, wotuwa ndi wa geji yowerenga liwiro la kuzungulira kwa injini, ndipo wakuda kapena wachikasu ndi wa ethi. Komabe bambowo anandichenjeza kuti boti likadutsa m'manja mwa anthu ambiri, wina amalumikiza waya aliyense amene wamupeza pafupi. Mtundu umangokulozera, koma chotsimikizira ndi kuyeza.

Anatulutsa kachipangizo kachikasu kotchedwa multimeter, kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Atapotokola kiyi, anagunditsa chofiira pa I, chakuda pa G. Kanalemba 12.6. Amenewo ndi ma volt, dzina lokumbukira Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba mu 1800, ndipo 12.6 ndiye mphamvu ya batire la boti lodzaza bwino. Choncho batire, fyuzi ndi kiyi zinalibe mlandu.

Kenako anatenga kawaya kakafupi n'kugunditsa S ndi G kwa kamphindi chabe. Kamuvi kanalumpha, psiti, mpaka pa F! Mtsikana uja anawomba m'manja. Kawayako kanapatsa magetsi njira yachidule yosapanikizika konse, ndipo geji ya muyezo wa ku America ikaona choncho imayesa kuti thanki yadzaza. Geji imene tinkafuna kuitaya ija inali yamoyo. Vuto linali kumbuyo, cha kuthanki.

Pamenepa nkhope ya bambowo inasintha. Anazimitsa kiyi, anachotsa waya pa batire, anatsegula zivundikiro zonse n'kudikira kuti mphepo ipitemo. Ana inu, mvetsetsani bwino apa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho suuluka msanga, umadikha pansi pa boti ngati madzi m'chithaphwi. Kamoto kamodzi kothetheka pa waya n'kokwanira kuphulitsa boti lonse. Ntchito ya pafupi ndi thanki kapena batire ndi ya akuluakulu odziwa. Ngakhale mtsikana uja, amene amawadziwa bwino mapu, anauzidwa kuti aime pamchenga.

Atayeza senda, inaonetsa ma ohm 33, monga imayenera kuchitira thanki ikadzaza. Nayonso inalibe mlandu. Waya wapinki anali wabwinobwino. Panatsala mmodzi yekha, wakuda wa senda uja wobwerera kunyumba. Atamukoka pang'ono, anangothothoka m'manja mwawo. Nsonga yake inali itabiriwira ngati ndere zapamwala, ndipo timawaya ta kopa tam'kati tinkanyenyeka ngati tchoko. Chinyezi cha pansi pa boti chinali chitamudya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake waya weniweni wa m'boti amakutidwa ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa tini, ndipo amaoneka woyera ngati siliva mukamusenda.

Anadula mbali yowolayo, anapala pomangira ndi sandipepa mpaka panawala, n'kumanga nsonga yatsopano zolimba. Atabwezera waya pa batire, anaitana mwana wawo kuti akwere.

"Potokola kiyi, mwanangu."

Kamuvi kananyamuka pa E mwaulemu, kanadutsa pakati, n'kukakhazikika pa F.

Inunso mungayambe kuwerenga mapu otere lero lomwe, popanda boti. Tengani tochi ya mabatire ang'onoang'ono, pensulo ndi pepala. Jambulani batire ndi timizere take tiwiri, suwichi ngati chitseko, ndi babu ngati kabwalo kokhala ndi X pakati. Lumikizani zonse ndi mizere, kenako yendetsani chala kuchokera pa + mpaka mubwerere pa –. Mukatero tsegulani tochiyo kumbuyo, muyang'ane kasipuling'i kamene kamakankha batire, ndipo mupeze pamene kakuyenera kukhala pa mapu anuwo.